Sitolo Yopanda Khomo

Nkhani yanga ya lero ndi ya sitolo imene iribe khomo, iribe denga, iribe ngakhale mwini wace woti mungamgwire dzanja, koma irikudya malipiro a anthu mwezi ndi mwezi. Ndirikunena masitolo onama a pa intaneti, amene amatipeza ife eni pa lamya zathu, pakati pa zithunzi za abale athu ndi nkhani za mpira.

Ndiyambe ndi za kwathu, pakuti nkhani iyi sindinaimve kwa alendo. Mukumbukira caka ca 2024, pamene mvula inakana, madzi a ku Kariba natsika, magetsi namazima maora ambiri tsiku liri lonse. Mlamu wanga, amene agwira nchito ya pansi pa mgodi wina, anatopa nao mdima. Ana ace anali kuwerenga ndi kandulo, ndiwo zinali kuonongeka m'firiji. Tsiku lina ali kupumula anaona pa lamya yace cilengezo ca sitolo yogulitsa zipangizo za magetsi a dzuwa: mapanelo awiri, batire ndi inveta, zonse pamodzi pa theka la mtengo wa m'tauni. Zithunzi zinali zokongola. Pansi pace panali anthu ambiri olemba kuti, "Zikomo, katundu wanga wafika bwino." Panalinso mau ofiira onena kuti katundu watsala pang'ono, ndipo mtengo umenewo udzatha pakati pa usiku.

Anawalembera, ndipo anamyankha msanga, mwaulemu, namucha bwana. Anati atumize K1,800 ya cikole pa nambala yakutiyakuti, zotsala adzalipira katundu atafika. Anatumiza. M'mawa mwace anamuuza kuti katundu wakwera basi, koma woyendetsa afuna K250. Anatumiza. Tsiku lacitatu anati katundu wagwidwa pa njira, pafunika K400 ya msonkho, imene idzabwezedwa pambuyo pace. Apa mlamu anayamba kukayika, koma anati mumtima mwace, "Ndikakana tsopano, ndiye kuti K2,050 yanga yapita." Anatumizanso. Tsiku lacinai nambala ija inaleka kupezeka, ndipo tsamba la sitolo linasowa monga ngati silinakhaleko ndi kale lomwe. Mlamu wanga, munthu amene saopa kutsika pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku, anakhala milungu 3 osauza munthu, ngakhale mkazi wace, mlongo wanga.

Kugula cinthu cimene sunacione si kwacilendo pakati pathu. Agogo athu amene anagwira nchito ku Nkana, ku Mufulira, ku Nchanga ndi ku Roan Antelope anali kuitanitsa masuti, zipewa ndi nsapato m'mabuku a malonda ocokera kutali. Koma buku lotere linali kudya ndalama zambiri kulisindikiza, ndipo mwini wace anali ndi nyumba ndi keyala yodziwika. Kawirikawiri phukusi linali kufikira ku positi ofesi, munthu nalipira pomwepo polilandira. Lero munthu mmodzi angathe kumanga sitolo pa intaneti masana amodzi okha. Agula dzina la tsamba ndi ndalama zocepa, akopera zithunzi ndi mau a sitolo yeniyeni, atsitsa mitengo, basi sitolo yaima. Cotsala ndi kuitana anthu, ndipo pa ici alipira eni ace a Facebook, Instagram kapena TikTok kuti cilengezo cace cionekere anthu a msinkhu wakuti, okhala m'tauni yakuti, amene aonetsa cidwi ndi cinthu cakuti. Cifukwa cace ngati dzulo munali kufunafuna mtengo wa batire, lero nkukumana ndi sitolo ya mabatire, musayese mwai kapena matsenga. Mapazi anu a pa intaneti ndiwo anaonetsa msodzi pamene pali nsomba.

Nanga anthu aja oyamika katundu? Ambiri a iwo ndi mwini sitolo yemweyo wobvala maina ambiri, kapena ndi maina ogula. Mwini tsamba ali nayo mphamvu yobisa ndi kufafaniza mau a odandaula, cotero otsala ndi oyamika okhaokha. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina wina anganene kuti izi zimagwera anthu osaphunzira. Iai ndithu. Mu May 2024 akatswiri a kampani ya ku Germany yochedwa Security Research Labs, pamodzi ndi manyuzipepala a The Guardian, Die Zeit ndi Le Monde, anaulula gulu limodzi limene analicha BogusBazaar. Gulu limeneli, limene ofufuzawo anati linali kuyendetsedwa kucokera ku China, linamanga masitolo onama oposa 75,000, onamizira kugulitsa zobvala ndi nsapato za maina ochuka monga Nike, Dior ndi Lacoste. Anthu oposa 800,000, makamaka a ku Ulaya ndi ku America, anagwa mu msampha umenewo. Codabwitsa ndi cakuti ambiri sanawacotsere ndalama tsiku lomwelo. Cimene akubawo anatenga ndico maina, makeyala ndi nambala za makhadi ao a ku banki, zimene ziri cuma pa zokha. Ku America, bungwe la boma loyang'anira malonda lochedwa Federal Trade Commission linawerenga kuti kuyambira January 2021 kufikira June 2023 anthu anadandaula kuti anataya madola 2.7 biliyoni pa cinyengo coyambira pa masamba ocezerapo otere. Ndipo m'miyezi 6 yoyamba ya 2023, madandaulo 44 pa 100 ali onse anali a anthu amene anayesa kugula cinthu cotsatsidwa pamenepo, ambiri a iwo osalandira kanthu. Ku Britain, pamene masitolo a Wilko anagwa mu August 2023, akuba anafulumira kumanga masamba obvala dzina lomwelo, nalengeza kuti alikutaya katundu pa mtengo wa maliro. Anthu anakhulupirira cifukwa anali atamva kale pa wailesi kuti kampaniyo yagwadi. Bodza labwino limatsamira pa coonadi, monga la mlamu wanga linatsamira pa mdima umene tonse tinali kuuona.

Ndipo musaganize kuti popeza cilengezo caoneka pa tsamba la kampani yaikuru, ndiye kuti wina anaciyesa naciona kuti ncoona. Mu November 2025 atolankhani a Reuters anafalitsa zimene anapeza m'makalata a m'kati mwa Meta, kampani imene iri mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp. Makalatawo anaonetsa kuti kampaniyo inayerekeza yokha kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zace za 2024, ndiwo madola ngati 16 biliyoni, lidzacokera ku malengezo a cinyengo ndi a katundu woletsedwa. A Meta anayankha kuti ciwerengeroco cinali congoyerekeza, cophatikiza ndi malengezo abwino omwe, ndi kuti alikulimbana nao akubawo. Mlandu umenewo ndiusiya kwa eni ace. Kwa ine ndi inu phunziro lace ndi lakuti mlonda wa pa cipata cimeneco alandira ndalama kwa ali yense wolowa, cotero tisamuyese nkhoswe yathu.

Zizindikiro za sitolo yonama sizibvuta kuziona munthu akadekha. Mtengo wotsika kopitirira muyeso ndi kufulumizitsa ndizo ziwiri zimene sizisowa. Wakuba safuna kuti mugone nayo nkhani kapena kufunsa mnzanu wa pa nchito. Pa Facebook pali malo oonetsa tsiku limene tsamba linatsegulidwa ndi maina amene linali nao kale. Mukapeza kuti sitolo yodzitama kuti yatumikira anthu zaka 10 inabadwa mwezi wathawu, kapena kuti kale linali tsamba la nyimbo, mwadziwa. Cithunzi ca katundu mungathe kucifufuza ndi Google Lens, ndipo kawirikawiri mudzacipeza pa masitolo ena a maiko akutali. Ngati anena kuti ali ndi nyumba ku Kamwala kapena pa msewu wa Cairo, tumani mbale wanu wa ku Lusaka akaone ndi maso. Ngati adzicha kampani, dzina lace liyenera kupezeka m'kaundula wa PACRA. Kaloko kaja kooneka pa mwamba pa tsamba kasakunyengeni; katanthauza cabe kuti kalata yanu iyenda yomata, sikanena kanthu za mtima wa woilandira. Ndipo potumiza ndalama pa lamya, dzina la wolandira limaoneka musanatsimikize. Liwerengeni. Sitolo ya dzina lalikuru imene ndalama zace zipita kwa munthu wamba, lero uyu, mawa wina, iri ndi cobisa.

Pano ndiyenera kunena mwacilungamo kuti pali amai ndi anyamata ambiri oona mtima amene agulitsa salaula, nkhuku, makeke ndi zina pa Facebook ndi pa WhatsApp, nalandira ndalama pa nambala zao. Iwo ndiwo oyamba kupwetekedwa ndi akubawa, pakuti anthu ayamba kuwakayikira onse. Koma wamalonda woona sakwiya mukamfunsa kumene akhala, sakana kukuonetsani katundu pa lamya muli kulankhulana maso ndi maso, ndipo kawirikawiri abvomera kuti mulipire katundu atafika, monga anali kucitira agogo athu ku positi ofesi.

Tsopano ndifike pa mtima wa nkhani yanga, ndiwo funso limene anthu andifunsa koposa onse: kodi ndalama zikapita, zingabwerere? Yankho lace lagona pa njira imene ndalamazo zinadzera. Pali njira zina zimene ziri ndi pobwerera, ndipo pali zina zonga mtsinje, zopita kumodzi kokha. Munthu amasankha pakati pa izi asanalipire, ngakhale iye mwini sadziwa kuti alikusankha.

Njira yokhala ndi pobwerera ndiyo khadi la ku banki, la Visa kapena la Mastercard. Makampani awiriwa ali ndi malamulo omanga banki yanu pamodzi ndi banki ya wamalonda. Ngati mwalipira ndi khadi koma katundu sanafike, kapena wafika wosiyana ndi amene munaitanitsa, muli ndi danga lopempha banki yanu kuti ikatenge ndalamazo ku banki ya wamalonda. M'Cingerezi ca ku banki acicha chargeback, ndipo ndi bwino kulidziwa liu limeneli, kuti kalaliki wa pa kauntala asakubwezeni ndi mau akuti munalipira nokha. Inde munalipira nokha, koma munalipirira katundu, ndipo katunduyo sanadze. Nthawi yace kawirikawiri ndi masiku 120, kuwerenga kuyambira tsiku lolipira kapena tsiku limene katundu anayenera kufika. Koma funsani banki yanu tsiku lomwelo, musadikire kuti masikuwo ayandikire kutha. Adzakupatsani pepala loti mulembe, nadzafuna umboni wakuti munayamba mwapempha wamalondayo kuti akubwezereni, iye nakana kapena kukhala cete. Mlandu ukalowa, wamalonda apatsidwa nthawi yoti adziteteze, cotero pamapita milungu ingapo, ndipo si nthawi zonse pamene wogula apambana. Komabe khomo liripo.

Pa pepala limenelo nenani zoona zokhazokha. Ena, pofuna kufulumiza zinthu, amalemba kuti sadziwa amene anagwiritsa nchito khadi lao. Koma banki iri nao umboni wakuti nambala yacinsinsi inatumizidwa pa lamya yanu, ndipo munailemba ndinu. Akapeza bodza limodzi, mlandu wanu wabwino wafa. Lembani kuti munagula, ndipo katundu sanafike. Ndiponso pemphani kuti khadi limenelo alitseke, akupatseni lina, pakuti nambala zace ziri kale m'manja mwa mbala, monga tamva za anthu a ku Ulaya aja.

Ine mwini ndinapyola m'njira imeneyi. Ndinaitanitsa nsapato pa sitolo ina ya kunja imene ndinaiona pa cilengezo, ndi kulipira ndi khadi. Anandipatsa nambala yolondolera phukusi, ndipo ndinali kuiyang'ana m'mawa ndi madzulo ngati mwana woyembekeza Khirisimasi. Patapita milungu 5 kunafika kaphukusi kokwana m'thumba la malaya, m'kati mwace muli magalasi a dzuwa a pulasitiki. Poyamba ndinaseka, ndinayesa kuti asokoneza. Pambuyo pace ndinazindikira kuti si kusokoneza, ndi nzeru. Wakuba atumiza kanthu kacabecabe kuti nambala yolondolera ija ionetse kuti phukusi linafika, ndipo akafunsidwa ndi banki aturutsa nambalayo ngati mboni yace. Cimene cinandipulumutsa ndi cakuti sindinataye cikutiro. Pa cikutiropo panali nambala yomweyo, ndi kulemera kwa phukusi, magalamu owerengeka cabe. Nsapato za munthu wamkulu sizilemera ngati kalata. Ndinajambula cikutiro ndi magalasi pamodzi, ndinapereka ku banki, ndipo patapita mwezi ndi theka ndalama zanga zinabwerera.

Koma ndisanapite ku banki, eni sitolo aja anayesa kundinyengerera, ndipo macenjera ao ndi amodzimodzi kuli konse. Ayamba ndi kupepesa kwambiri. Anena kuti phukusi lenileni liri m'njira, dikirani milungu iwiri. Ikatha, anena kuti lacedwa pa doko, dikiraninso. Kenaka akuuzani kuti adzakubwezerani gawo laling'ono la ndalama, inu musunge cimene mwalandira ngati mphatso. Kapena kuti mubweze kanthuko ku dziko lakutali ndi ndalama zanu, zimene ziposa mtengo wa kanthuko. Colinga ca zonsezi ndi cimodzi, kuti masiku anu odandaulira athe muli kuyembekeza. Ndipo mukabvomera kagawo kaja, adzauza banki kuti munamvana kale. Alembereni kamodzi, muwapatse masiku owerengeka, akapanda kucita kanthu pitani ku banki. Zengerezu analinda kwaukwau.

Amene mulipira ndi PayPal muli ndi masiku 180 otsegulira dandaulo, koma mukalitsegula muyenera kulikweza kuti a PayPal aweruze masiku 20 asanathe, apo ai litsekeka lokha. Ndipo wamalonda akakuuzani kuti mutumize ngati mphatso ya kwa mbale kapena bwenzi, kanani, pakuti ndalama zotumizidwa motero ziribe citetezo ca wogula. Amene muli ndi ana ku Britain, iwo ali ndi malamulo ena owathandiza: lamulo la 1974 la ngongole limanga kampani ya khadi la ngongole pamodzi ndi wamalonda pa katundu wa mtengo wopitirira mapaundi 100 kufikira 30,000, ndipo kuyambira October 2024 mabanki a kumeneko akakamizidwa kubwezera anthu ambiri onyengedwa potumiza ndalama pa banki, kufikira mapaundi 85,000. Amenewo ndi malamulo a kwao, satifika ife kuno.

Njira imene ambiri a ife tiyendamo ndi ina, ndiyo ya ndalama za pa lamya, Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel, ndi kutumiza kucokera ku akaunti ya banki kupita ku akaunti ya munthu. Njira imeneyi yatithandiza kwambiri. Mai wa ku Katete alandira ndalama ya feteleza mwana wace asanacoke pa mzere wa malipiro ku Chingola. Koma liwiro lomwelo ndilo limene wakuba alikonda. Kutumiza ndalama pa nambala ya munthu kuli ngati kumpatsa ndalama m'manja pa siteshoni ya basi. Kampani ya lamya ingathe kuthandiza makamaka pamene ndalamazo zikali m'thumba la nambala imene munatumizako. Wakuba adziwa ici, cotero m'mphindi zocepa akaziturutsa pa kanyumba ka ejenti, kapena azigawa ku manambala ena atatu kapena anai. Cifukwa cace pa njira iyi sitiwerenga masiku 120, tiwerenga mphindi. Mukangozindikira kuti mwanyengedwa, imbani ku kampani yanu ya lamya nthawi yomweyo, pa nambala yao yeniyeni, ngakhale pakati pa usiku. Auzeni nambala ya wolandira, kuculuka kwa ndalama, nthawi, ndi nambala yaitali ija ya m'uthenga wotsimikiza, muwapemphe aimitse ndalamazo. Lembani nambala ya dandaulo lanu imene adzakupatsani. Kukaca pitani ku polisi, mukatenge kalata, pakuti kampani ya lamya siulula za mwini nambala kwa munthu wamba, koma kwa apolisi ofufuza mlandu.

Musanacite zonsezi, kapena muli kuzicita, sungani umboni. Jambulani zonse zooneka pa galasi la lamya: cilengezo, dzina la tsamba, mtengo, mau onse amene munalemberana, ndi uthenga wa ndalama. Munthu wopsa mtima amafulumira kutukwana wakuba ndi kufafaniza zonse kuti asazionenso. Mukamtukwana akutsekerani kunja, tsamba nalisowetsa, ndipo mudzafika ku polisi ndi pakamwa pokha.

Mudzafunsa kuti, popeza nambala iri yonse ya lamya m'dziko muno inalembetsedwa ndi citupa, cibvuta nciani kumgwira munthuyo? Cobvuta ndi cakuti dzina la pa nambala kawirikawiri si la wakubayo. Alembetsa ndi citupa cotayika, kapena apatsa mnyamata wosowa nchito ndalama pang'ono kuti abwereke dzina lace. Apolisi akalondola, apeza munthu wosadziwa kanthu, kapena wodziwa pang'ono cabe. Apa ndicenjeze ana athu a m'makomboni: munthu akakupemphani kuti ndalama zace zidzere pa nambala yanu, inu mudyepo kenakace, dziwani kuti tsiku la mlandu dzina limene lidzawerengedwa ndi lanu. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo la milandu ya pa intaneti mu 2021, ndipo mu 2025 linaika malamulo atsopano m'malo mwace. Kunyenga munthu pa lamya ndi mlandu monga kumthyolera nyumba.

Pali maofesi ena oyenera kuwadziwa, yonse ndi nchito yace. A ZICTA ayang'anira makampani a lamya, ndipo alandira madandaulo a manambala ocitira cinyengo kuti atsekedwe. A Bank of Zambia ayang'anira mabanki ndi makampani osunga ndalama za pa lamya. Ngati mwadandaula ku banki kapena ku kampani yanu koma sanakuyankheni moyenera, mungathe kukwera nayo nkhani kumeneko. Ngati wamalonda alipodi, ali ndi dzina ndi malo, koma wakugulitsani cinthu cakufa nakana kubweza ndalama, pitani ku Competition and Consumer Protection Commission, imene igwira nchito pansi pa lamulo la 2010 loteteza ogula, kapena ku bwalo la milandu ing'onoing'ono, kumene munthu adzinenera yekha wopanda loya. Koma zindikirani kuti maofesi awiri otsirizawa afuna munthu woti amtumizire samani. Sitolo yopanda khomo iribe poikapo samani.

Patsala msampha umodzi, umene ndiuyesa woipa koposa yonse, cifukwa ucheredwa munthu amene wagwa kale. Patapita masiku, lamya ilira. Munthu wa mau aulemu anena kuti ali ku ofesi ya kampani ya lamya, kapena ku polisi, kapena ku bungwe lobwezera anthu ndalama zobedwa. Adziwa dzina lanu, adziwa ndi ndalama zimene munataya, ndipo inu mudabwa ndi kukondwera. Adziwa bwanji? Cifukwa ndi yemwe uja anakuberani, kapena mnzace amene anamgulitsa dzina lanu. Adzati ndalama zanu zapezeka, koma mulipire kaye pang'ono za mapepala, kapena muchule PIN yanu, kapena muwerenge nambala imene yangofika pa lamya yanu. Palibe wa banki, wa kampani ya lamya kapena wapolisi amene afuna PIN yanu kuti akubwezereni ndalama. Dulani lamya, muimbe nokha ku ofesi imene wachulayo.

Ndibwerere kwa mlamu wanga. Cimene cinamlanda mwai wace wotsiriza si wakuba yekha, komanso manyazi. Akadaimba tsiku lacitatu lija, pamene mtima unayamba kumuuza, kapena K400 yotsiriza ikadapezeka isanaturutsidwe. Koma anaopa kusekedwa ndi anzace a pa nchito, anaopanso maso a mkazi wace. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Pamene anaulula, mlongo wanga sanakalipe monga iye anali kuopera; anangofunsa kuti, "Nanga a bambo a ana, munasenzeranji katundu ameneyu nokha masiku onsewa?" Tinapita naye ku ofesi ya lamya ndi ku polisi. Anatilandira bwino, nalemba zonse, koma anatiuza poyera kuti ndalamazo zinaturutsidwa tsiku lomwelo limene zinalowa. K2,450 sinabwerere.

Atanena nkhani yace pa nchito, anzace awiri a gulu lace lomwelo anabvomera kuti naonso anatumiza cikole ku sitolo yonga yomweyo, ndipo yense anali kuyesa kuti wopusa ndi iye yekha. Patapita miyezi iwiri, mmodzi wa iwo anaona zithunzi zomwe zija, mapanelo awiri, batire ndi inveta, pa tsamba la dzina latsopano ndi nambala yatsopano. Nthawi iyi anajambula zonse, nadandaula kwa eni ace a tsambalo pa malo operekera madandaulo, napereka nambalayo ku polisi ndi ku kampani ya lamya, natumiza cenjezo kwa anzao onse a pa mgodi. Mlamu anasunga ndalama miyezi 4, nakagula panelo limodzi ndi batire m'sitolo ya m'tauni, anayamba waziyesa pomwepo, nazinyamula yekha pa takisi, lisiti liri m'thumba.

Amene muli ndi mafunso pa nkhani imeneyi, kapena amene zotere zinakugwerani, tilembereni kalata. Sitidzachula maina anu pa wailesi. Gonani bwino nonse, ndipo inu olowa pansi usiku uno, muyende bwino.